Miyezi 8 tikuthamangitsa Biff patebulo lodyera

Bokosi la Back to the Future: Dice Through Time linafika pakhomo pathu mu Novembala, achemwali atabwera nalo kuchokera ku Johannesburg. Pano tili mu Julayi, ngodya za bokosilo zayamba kutha, ndipo Loweruka madzulo mbale zikangochoka patebulo, mwana wathu wachisamba amakhala atayala kale bolodi. Ndinachedwetsa dala kulemba, chifukwa masewera atsopano alionse amakoma sabata yoyamba.

Masewerawa anatulutsidwa mu 2020 ndi kampani ya ku Germany ya Ravensburger, ndipo amatengera mafilimu atatu aja a Marty McFly ndi Doc Brown, a mu 1985, 1989 ndi 1990. Nkhani yake ndi yakuti Biff, mdani wa Marty m'mafilimuwo, waba galimoto ya DeLorean yoyenda m'nthawi, n'kumwaza zinthu m'zaka zolakwika. Pabolodi pali mizere inayi, ya 1885, 1955, 1985 ndi 2015, ndipo mzere uliwonse uli ndi malo asanu a m'tauni ya Hill Valley. Osewera amakhala awiri mpaka anayi, aliyense ndi kagalimoto kake ndi madayisi ake anayi. Ntchito ndi kukonza mavuto amene makhadi akugwetsa pabolodi, kutola zinthu zosokonekerazo, n'kuzibwezera kwawo chikhomo cha OUTATIME chisanafike kumapeto.

Kwa ife amene tinakulira pa bawo ndi ludo, chachilendo choyamba chinali chakuti pano palibe wodya mnzake. Tsiku loyamba alamu anga anamvetsera malamulo onse, kenaka anafunsa kuti, "Nanga wowina akhala ndani, alamu?" Nditawauza kuti timawina tonse kapena kuluza tonse, anapukusa mutu. Lero ndi iwowo amene amaimba foni Lachisanu kufunsa ngati mawa kuli gemu.

Madayisi alibe manambala, ali ndi zizindikiro. Muvi umakuyendetsa mumzere wa chaka chomwe uli, flux capacitor (kachipangizo koyendetsa DeLorean m'nthawi) imakudumphitsa kupita chaka china pamalo omwewo, chibakera chimachotsa Biff pamene watsekereza, mphezi imakulola kuponyanso, ndipo nkhope ya Doc imachotsa timakatoni ta paradox, toimira chisokonezo cha nthawi. Ukakhala ndi madayisi awiri ofanana ungawapereke onse kuti upeze chizindikiro chimene ukufuna. Zonsezi munthu amazigwira ulendo umodzi wokha.

Chimene chatisunga miyezi yonseyi ndi lamulo limodzi: ungasiye dayisi yako pamalo pamene waima, kuti mnzako adzaipeze pamalo omwewo m'chaka chomwecho kapena cham'tsogolo. Poyamba tinkaliiwala, aliyense ankaumirira kugwiritsa ntchito madayisi ake onse. Tinaluza maulendo angapo motsatizana tisanazindikire kuti mtima wa masewerawa uli pomwepo. Usiku wina mu Marichi, magetsi atazima, tikusewera ndi nyali ya sola, chikhomo chinali chitatsala pang'ono kufika kumapeto. Mayi a ana anali mu 2015, Biff atawatsekera khadi, chibakera alibe. Mwana wathu anali mu 1885 pamalo ofanana ndi awo. Anayang'ana madayisi ake nthawi yaitali, kenaka anatola wa chibakera, n'kuuika pabolodi pang'onopang'ono ndi zala ziwiri. "Amayi, ndakusiyirani kuno, mudzaupeza patapita zaka 130." Mayi ake anautola, Biff anasunthidwa, khadi linachoka. Ndi mmene Doc anachitira m'filimu polemba kalata mu 1885 imene inafika kwa Marty mu 1955, ndipo apa ndi pokhapo pamene ndimamvadi kuti ndikusewera filimuyo.

Ndikuti pokhapo chifukwa makhadi a zochitika amandikhumudwitsa pang'ono. Lililonse limatchula chochitika cha m'filimu, koma pakatha mwezi palibenso amene amaliwerenga. Maso amangothamangira pa zizindikiro zofunika. Chochitika chimene chinatiimitsa mtima pa kanema, ngati mphezi yogunda nsanja ya wotchi, chimasanduka funso lakuti ndani ali ndi dayisi yoyenera. Amene akufuna nthano yoyenda kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto sadzaipeza muno.

Kawerengedwe ka chikhomo kanatitengera nthawi kuti tikamvetse bwino. Kumapeto kwa raundi iliyonse chimasuntha molingana ndi chaka chimene chili ndi malo ambiri a mavuto, ndipo chaka chomwecho chimalandiranso timakatoni ta paradox tomwe timawonjezera liwiro raundi yotsatira. Ndiye kuti mavuto anayi omwazikana m'zaka zinayi savulaza ngati anayi ounjikana mu 1955. Titazindikira zimenezi tinasiya kuthamangira khadi losavuta, tinayamba kufunsana kuti moto wakula chaka chiti. Palinso chilango magalimoto awiri akakumana pamalo amodzi m'chaka chimodzi, choncho kuthandizana kumachitika motalikirana.

Vuto lalikulu limene takumana nalo si la m'bokosi, ndi la anthu. Popeza madayisi a aliyense amaoneka poyera, munthu wodziwa kwambiri amayamba kulamula anzake, ena n'kungokhala osuntha timagalimoto. Zinachitika kwathu mu Febuluwale, mwana wamng'ono mpaka anadzuka patebulo misozi ili m'maso. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti mwini madayisi ayambe walankhula yekha, ena alangize akafunsidwa. Taluza maulendo ena chifukwa cha lamuloli, koma mwanayo anabwerera.

Mwayi nawo uli ndi gawo lalikulu. Nthawi zina makhadi amagwera chaka chimodzi, madayisi n'kukana, gemu n'kutha musanatole kanthu. Timakatoni ta Einstein, galu wa Doc uja, timene mumalandira mukabweza chinthu kwawo, timathandizako koma sitipulumutsa tsiku loipa. Anthu awiri amasewera bwinobwino, komabe bolodi imakhala ngati yaikulu kwambiri ndipo madayisi osiyirana amachepa. Atatu kapena anayi ndiye mpake, ndipo gemu imatha isanakwane ola kapena chapomwepo.

Bolodi ndi madayisi zikadali zolimba. Makhadi ndi amene ayamba kufewa m'mbali chifukwa chosakaniza, ndipo timaponyera m'chivindikiro cha bokosi kuyambira tsiku limene dayisi imodzi inalowa pansi pa kabati n'kupezeka patatha masiku atatu. Kuvuta kwa gemu kumasinthidwa ndi kuchuluka kwa zinthu zofunika kubweza. Mlingo woyambira timawina pafupifupi nthawi zonse tsopano, wapakati timagawana nawo, koma wapamwamba sitinaugonjetsebe. Alamu akuti Loweruka likubwerali afika ndi mtedza wokazinga, tiyesenso tili anayi.