Loya ananditulutsa mu ofesi koma ndikumupatsabe nyenyezi 4

Mwezi wathawu ndinaperekeza amayi kukalembetsa wilo pa ofesi ina ya maloya mtauni muno, cha ku Victoria Avenue uko, dzina sinditchula. Amayi ali ndi nyumba ku Chilomoni komanso kapuloti ku Lunzu, ana tilipo anayi koma wokhala nawo, wowaphikira, wothamanga nawo kuchipatala BP ikakwera ndi ineyo, achimwene ali ku Joni amangoimba pa WhatsApp mwezi ukatha basi.

Ndiyambe ndi zondinyasa. Anatiuza 9 koloko, tinalowa cha m'ma 11. Ofesi ili pamwamba, masitepe okhaokha, munthu wa zaka 74 mawondo ake aja tinachita kupumira panjira kawiri. Mtengonso sanena msanga, funsiranitu pa foni musanakwere minibasi, ife tinachita kukatapanso ina pa Mpamba.

Ndiye talowa, takhala, ine ndayamba kufotokoza kuti amayi akufuna chakuti chakuti. Loya uja, mzimayi wodekha bwino, anangomwetulira nkuti, "Achemwali, mutidikireko panja, ndicheze ndi amayi pawiri." Eti ine! Mtima unandiwawa sizocheza, ndinakhala pa benchi mphindi 40 ndikuzifunsa kuti kodi nkhope yangayi ikuoneka ngati ya wakuba.

Atamaliza anandiitana nkundimasulira bwinobwino, apa mpamene nyenyezi zinabwerera. Akuti pamalamulo pali chomwe amati undue influence, kutanthauza kumupanikiza munthu mpaka asaine zomwe mtima wake sukufuna. Kunyengerera kokha si mlandu ayi, mwana kunena kuti amayi mundikumbukireko ine ndakusamalani, zimenezo nzololedwa. Vuto ndi pamene nkhalamba yadwala, yatopa, ikudalira iwe pa chakudya ndi mankhwala, iwe tsiku ndi tsiku uli pakhutu mwinanso kuopseza kuti ndikusiyani nokha, mpaka ingovomera kuti ipeze mtendere. Khoti likapeza umboni wa zotere wilo ija limaitaya. Pa wilo, wodandaulayo ndi amene amayenera kubweretsa umboni, komabe mlandu ukangolowa ku High Court pa Chichiri paja ndalama ndi ubale zimathera pompo. Anandifunsa kuti, tsiku lina achimwene anu akadzamva kuti inu munali m'chipindamo, inu ndi amene mumayankhula, adzati chiyani? Ndinangoti zii.

Chomwe sindimadziwa nchoti pa mphatso ndi makontirakiti a munthu ali moyo nkhani imatembenuka. Wina akapereka chinthu chachikulu kwa munthu amene amamukhulupirira kwambiri, monga m'busa wake, dokotala wake kapena loya wake, khoti limayamba ndi kukaikira, ndiye wolandirayo ndi amene asonyeze kuti mwini wake anapereka mwakufuna kwake, makamaka kuti anakafunsa nzeru kwa wina wapadera. Malamulo athu ambiri tinatengera ku England, ndiye anatchula mlandu wa Allcard v Skinner wa 1887, mayi wina analowa usisitere nkupereka chuma chake kwa mkulu wa gulu lawo, atatuluka anakhala zaka asanadandaule, khoti linavomereza kuti panali kupanikizika koma linati wachedwa. Ine maganizo anathamangira kwa anthu amene akusainira mapuloti kwa aneneri masiku ano, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Zina anachita bwino: wilo inalembedwa m'Chingerezi koma anawawerengera amayi m'Chichewa mzere ndi mzere asanasaine. Mboni ziwiri anatenga anthu oti sakulandira kalikonse, ine anandikaniza. Anakumbutsanso kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, linaika kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu, komanso kuti amene thumba silikulola akhoza kukayesa ku Legal Aid Bureau.

Mukapita ndi kholo lanu tengani chitupa chawo, mapepala a nyumba, ndi kabotolo ka madzi chifukwa benchi ija muidziwa. Zomwe zalembedwa mu wilomo mpaka lero sindikuzidziwa. Pobwerera mu minibasi ndinayesa kufunsa mwa nthabwala kuti nanga ya ku Chilomoni yagwera ndani, amayi anangondiyang'ana nkuti, "Iwe, ukufuna tibwerere ndikakunenere kwa loya uja?"