British F4 ya 2022: galimoto yatsopano ya Tatuus pa misewu yakale ya ku Britain

Mpikisano wa British F4 (Formula 4, gawo loyambira la achinyamata pa makwerero opita ku Formula 1) uli ndi makasitomala a mitundu iwiri. Pali makolo ndi makampani amene amagulira mwana wa zaka 15 kapena 16 mpando mu timu kwa chaka chathunthu, ndiye pali owonera amene amagula tikiti pageti kapena kutsegula kanema wa ITV4 Lamlungu. Tikayeza chaka cha 2022 ndi maso a anthu awiriwa, wowonera ndi amene anatuluka ataphula kwambiri. Wogula mpando anapeza galimoto yabwino kuposa yakale, koma sukulu yake inali ndi makalasi ena opanikiza.

Chaka chimenechi ndi pomwe zinthu zinasinthiratu. Kuyambira 2015, pamene Lando Norris anatenga chikho ndi timu ya Carlin, ana ankayendetsa galimoto ya Mygale ya ku France yokhala ndi injini ya Ford EcoBoost ya malita 1.6 ndi matayala a Hankook. Mu 2022 bungwe la Motorsport UK linatenga udindo woyendetsa mpikisanowu, nkubweretsa Tatuus F4-T421 ya ku Italy, injini ya Abarth ya malita 1.4 ya turbo, ndi matayala a Pirelli. Phindu lake ndi loonekeratu: galimoto, injini ndi matayala zinafanana ndi za mu Italian F4, choncho mwana akhoza kuchoka pa bwalo la Donington Park ku England nkukathamanga pa la Monza ku Italy osayambiranso kuphunzira galimoto.

Galimotoyo ndi ya mpando umodzi, matayala ali pamtetete. Chibokosi chomwe dalaivala amakhalamo ndi cha carbon fibre, ndipo pamwamba pa mutu pali halo, chitsulo chija chooneka ngati lamba wa patapata. Injini imatulutsa mphamvu ya mahatchi pafupifupi 180. Magiya ndi asanu ndi limodzi, osinthira pa tizogwirira tiwiri ta kuseri kwa chiwongolero, ndipo klachi amangoigwiritsa ntchito ponyamuka. Mulibe ABS yoletsa matayala kukhwekhwereza pa buleki, mulibe traction control yoletsa matayala kuterereka poponda moto, chiwongolero chilibe pawa, komanso mulibe DRS, phiko lakumbuyo lotseguka lothandiza kupitirira mnzako. Injini zonse zimadutsa ku Neil Brown Engineering kuti mphamvu ifanane, ndipo zimamatidwa chidindo kuti makaniko wa timu asatsegule. Timu imaloledwa kusewera ndi zochepa: kupendeka kwa mapiko, kutalika kwa galimoto kuchokera pansi, camber ndi toe (kupendeka kwa matayala ndi komwe aloza), ma anti-roll bar (zitsulo zochepetsa kupendeka kwa galimoto pa kona) ndi mpweya wa m'matayala.

Za halo sitingatsutsane nazo. Aliyense wotsatira mpikisanowu amakumbukira ngozi ya Billy Monger ku Donington Park mu Epulo 2017, pamene anagunda kumbuyo kwa galimoto yoima ndipo anadulidwa miyendo yonse iwiri. Galimoto ya m'badwo watsopanowu ndi yolimba kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Mtengo wake ndi kulemera: ndi yolemerapo kuposa yakale, ndipo izi zimamveka pa mabuleki.

Pa mabuleki pomwepa ndi pamene ana ambiri amaonongera mpikisano. Galimoto ya mapiko imafuna kuti uponde buleki mwamphamvu kwambiri poyamba, liwiro likadali lalikulu ndipo mphepo ikukanikizira galimoto pansi, kenako uzimasula phazi pang'onopang'ono pamene liwiro likutsika. Mwana wochokera ku kart, timagalimoto tating'ono tomwe ana amayambira, amachita mosemphanitsa, kapena amagwiritsitsa buleki mpaka mkati mwa kona. Tayala lakutsogolo lakumkati limaima, limakhwekhwereza pa phula, kautsi koyera nkutuluka. Pamalo pomwe lakhulikapo pamakhala paphwatalala, ndipo kuyambira pamenepo chiwongolero chimanjenjemera, ndipo pa buleki yotsatira tayalalo limakaimanso pa bala lomwelo. Matayala pa sabata ya mpikisano ndi owerengeka, ndiye kulakwitsa kwa sekondi imodzi Loweruka kumamutsatira mwana mpaka Lamlungu.

Matayala a Pirelli ali ndi khalidwe lawonso. Mu F4 mulibe mabulangete otenthetsera matayala, dalaivala amawatenthetsa yekha potuluka. Akawakankha asanatenthe, mphira wapamwamba umanyotsoka nkupanga timibulu, ndipo galimoto imakana kukhota. Akawatenthetsa mopitirira, mpweya umakwera, tayala limafufuma pakati, kugwira kwake nkuchepa. Tayala latsopano limapereka liwiro lake lenileni kwa maulendo ochepa chabe ozungulira bwalo, ndipo amene wakumana ndi mnzake woyenda pang'onopang'ono panthawi imeneyo wagwa nayo. Ichi ndi phunziro lenileni, chifukwa matayala a kampani yomweyi ndi amene adzawapeze mu Formula 3 ndi Formula 2.

Ndondomeko ya chaka inali ya masabata khumi, mipikisano itatu sabata iliyonse, yonse pamodzi 30. Anayambira ku Donington Park mu Epulo, kenako Brands Hatch Indy, Thruxton, Oulton Park, Croft, Knockhill ku Scotland, Snetterton, Thruxton kachiwiri, Silverstone National, nkutsekera ku Brands Hatch Grand Prix mu Okutobala. Masabata onsewa F4 inali mlendo wa BTCC, mpikisano waukulu wa magalimoto a denga ku Britain. Ubwino ndi kuipa kwa sizoniyi zikuchokera pa ulendo wapamodziwu.

Ubwino ndi chinamtindi cha anthu ndi kanema. Mwana wa zaka 15 amathamanga pamaso pa anthu zikwizikwi komanso pa ITV4, zomwe zimathandiza pokapempha ndalama ku makampani. Kuipa ndi kwakuti BTCC imakonda mabwalo aafupi ndi opapatiza. Brands Hatch Indy ndi ya makilomita osakwana awiri, ndipo F4 imazungulira m'masekondi osafika 50. Knockhill imangopitirira pang'ono makilomita awiri. Pa mabwalo oterewa kupitirira mnzako nkovuta: ukamuyandikira kumbuyo pa kona yothamanga, mphepo yosokonezeka yochokera pa galimoto yake imalanda mphamvu phiko lako lakutsogolo, galimoto nkumapita panja. Kunja kwa phula kuli udzu ndi miyala, osati phula lina lopulumukirapo ngati ku mabwalo a Formula 1. Galimoto ikatitimira m'miyala, safety car, galimoto yotsogolera onse pang'onopang'ono, imatuluka, wotchi ikuyendabe. Mu 2022 mpikisano unali wa mphindi 20 zokha, ndiye kukoka galimoto imodzi kukhoza kudya gawo lalikulu la nthawi imene kholo lalipira. Pamenepa wogula mpando ali ndi chifukwa chodandaulira.

Komabe pali mabwalo amene amabweza ndalama. Thruxton, ku Hampshire, ndi bwalo lothamanga kuposa onse ku Britain, la makilomita pafupifupi 3.8, phula lake lokhakhala ngati sandipepa. Makona ake aatali okhotera kumanja, monga Church, amatafuna tayala lakutsogolo lakumanzere, ndipo timu yoika camber yochuluka kapena mpweya wochepa imaika tayalalo pachiswe. Kumeneko ana amaphunziranso kubisala kumbuyo kwa mnzawo kuti mphepo iwakoke, nkutulukira pa buleki ya chicane yomaliza, timakona tothina totsatizana. Craner Curves ku Donington Park ndi Paddock Hill Bend ku Brands Hatch, makona otsetsereka omwe potulukira sipaoneka, amasiyanitsa wolimba mtima ndi wongoyerekeza.

Kapezedwe ka malo onyamukira nkoyenera kukamvetsa musanakhale pansi kuwonera. Qualifying, nthawi yomwe aliyense amathamanga ndi wotchi kuti apeze malo onyamukira, ndi imodzi, koma imagwira ntchito ziwiri: nthawi yabwino koposa ya dalaivala imamupatsa malo mu mpikisano umodzi, yachiwiri yake mu mpikisano wina. Ulendo umodzi wamwayi sukwanira. Ndipo akuluakulu akafufuta nthawi chifukwa matayala onse anatuluka kunja kwa mzere woyera, mwana amapwetekeka kawiri. Mpikisano wapakati amatembenuza mndandanda, othamanga kwambiri nkuyambira kumbuyo kwa anzawo ochedwerapo, mapointi ake nkukhala ocheperapo kuposa 25 ya wopambana m'mipikisano ina iwiri. Kwa wowonera uwu ndiye wokoma. Kwa makaniko ndiye wa mapiko othyoka, chifukwa phiko lakutsogolo likangokhudza tayala lakumbuyo la mnzako, iwe wataya phiko, iye tayala laphulika.

Pa zotsatira, chaka chinali cha munthu mmodzi. Alex Dunne wa ku Ireland, mu timu ya Hitech, anapambana mipikisano 11, ndipo chikho anatenga ngakhale sanapezeke pa sabata yomaliza ku Brands Hatch, poti anali ku Monza mu Italian F4, komwe anamaliza chaka ali wachiwiri kumbuyo kwa Andrea Kimi Antonelli. Palibe umboni woposa uwu wakuti kufananitsa magalimoto ndi a ku Ulaya kunagwira ntchito, ngakhale kuti anthu amene anagula matikiti a tsiku lotsekera sanamuone katswiriyo. Oliver Gray wa Carlin anakhala wachiwiri, Ugo Ugochukwu wa ku America, wa Carlin yemweyo, wachitatu. Louis Sharp wa ku New Zealand anaphonya sabata yoyamba chifukwa anali asanakwanitse zaka 15, koma anamaliza wachinayi, ndipo chaka chotsatira chikho chinali chake. Wopambana amalandira mapointi 12 a super licence, laisensi ya madalaivala a Formula 1, pa 40 ofunika kuti munthu aloledwe mu Formula 1. Dunne anadzayendetsa McLaren pa mayeso oyamba a Austrian Grand Prix mu 2025.

Wofuna kugula mpando afunse timu zinthu zitatu asanasaine. Choyamba, masiku oyeserera ndi angati pa mtengowo, chifukwa kusiyana kwa ana kumapangidwa Lachiwiri ndi Lachitatu pabwalo lopanda anthu, ndipo matayala a masiku amenewo amalipiridwa padera kawirikawiri. Chachiwiri, za ngozi: inshulansi imayambira pati, ndipo phiko kapena mkono wa tayala ukathyoka bilu imapita kwa ndani. Chachitatu, anzake mu timu ndi ndani. Mainjiniya amaika deta ya ana pamodzi pa kompyuta, mzere wa buleki wa uyu pamwamba pa wa uyo, ndipo mwana wopanda mnzake wothamanga alibe pokopera.

Kwa abale okhala ku Britain ofuna kungowonera, tikiti ya BTCC imakulowetsani ku zonse za tsikulo, F4 ili momwemo pa masabata amene yayendera limodzi ndi BTCC, ndipo paddock, malo omwe matimu amakonzera magalimoto ang'onoang'onowa, ndi yotsegula. Mukhoza kuima pafupi ndi tenti nkuona makaniko akuyeza mpweya wa matayala galimoto itangolowa, asanazizire. Loweruka anthu amachepa ndipo ndi tsiku la qualifying. Ku Brands Hatch khalani moyang'anana ndi Paddock Hill Bend, pomwe mumaona pafupifupi bwalo lonse la Indy. Ku Knockhill tengani jekete la mvula ngakhale kutacha ndi dzuwa, ndipo ana aang'ono muwatengere zotsekera m'makutu.