SketchUp pojambulira mapulani a nyumba: ndemanga yanga komanso zochita ikayamba kuvuta

Amene mumajambula mapulani a nyumba zogona kapena mukufuna kuyamba kumene, ndati ndilembeko maganizo anga pa SketchUp, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira nyumba mu 3D, chifukwa mafunso amene anzanga amanditumizira pa WhatsApp amakhala omweomwewo, wina akuti ikuhang'a, wina akuti khoma lasowa theka, wina akuti pulani yatuluka pa pepala koma sikelo yake sikugwirizana ndi tepi ya bilidala. Ine ndimagwiritsa ntchito SketchUp Pro pamodzi ndi LayOut, pulogalamu inzake yokonzera mapepala a pulani, pa laputopu ya Windows, ndipo ntchito zanga zambiri ndi nyumba za zipinda zitatu kapena zinayi, zamalata, nthawi zina ndi mpanda ndi kanyumba kakuseri komwe. Pa nyenyezi zisanu ndikuyipatsa zinayi.

Chimene ndimayikondera kwambiri ndi chakuti mwini nyumba amaona nyumba yake isanamangidwe. Anthu ambiri pulani ya mizere yokhayokha sayimva, amangogwedeza mutu kuti eya, kenako makoma atafika pa lintala ndi pamene amati koma khitchiniyi ndi yaying'ono bwanji. Koma ukamuzunguliza nyumba pa sikirini, nkumulowetsa pabalaza, aone pamene pakhale sofa ndi mmene chitseko cha bafa chizitsegukira, amayankhula nthawi yomweyo kuti apa sinthani, simenti isanagulidwe. Push/Pull yokha ndi yokwanira kuti munthu woyamba kumene adzutse makoma tsiku loyamba, umajambula pansi nkukokera m'mwamba basi.

Pulogalamuyi ndi yakale ndithu, anayitulutsa a @Last Software aku Boulder ku Colorado mu 2000, Google inayigula mu 2006 kenako Trimble mu 2012. Ndikunena izi chifukwa mavidiyo ena a pa YouTube ndi akale ndiye mukamatsatira mupeza mayina ena anasintha, mwachitsanzo zimene ankazitchula Layers kuyambira 2020 ndi Tags, musataye nthawi kusakasaka batani limene kulibe.

Tsopano zovuta. Ndikamatsegula mafayilo amene anthu amanditumizira kuti ndiwathandize, vuto lalikulu silikhala pulogalamu ayi, limakhala loti chilichonse chamatana. Mu SketchUp mizere ndi nkhope (ma face, malo otsekedwa ndi mizere) zikangogundana zimamatana ngati phala lozizira mu poto, ndiye ukati usunthe zenera pang'ono khoma lonse limapindika, denga nalo likutsatira. Mankhwala ake ndi amodzi: mukangomaliza chinthu, dinani katatu kuti chisankhike chonse, right click, Make Group. Pansi pakhale gulu lake, makoma gulu lake, denga lake. Zinthu zobwerezabwereza ngati mazenera, zitseko, mizati ya pakhonde ndi matrasi a denga zikhale Component, chifukwa mukasintha chimodzi zonse zimasintha komanso fayilo imapepuka. Ndipo Tag, dzina limene mumapatsa zinthu kuti muzitha kuzibisa kapena kuzionetsa, muziyika pa gulu lonse, mizere yeniyeniyo isiyeni pa Untagged. Amene amati ndazimitsa Tag ya mipando koma khoma lasowa nalo, ndi chifukwa anayika mizere ya khoma pa Tag yolakwika.

Kuhang'a ndiye dandaulo la aliyense. Kawirikawiri gwero lake ndi 3D Warehouse. Mmenemo muli zinthu zokongola zaulere, masofa, magalimoto, mitengo, makatani, ndipo munthu amatenga zonse nkudzaza nyumba, osadziwa kuti mtengo umodzi wa masamba enieni ukhoza kulemera kuposa nyumba yonse imene wajambula. Musanadawunilode onani kukula kwa fayilo ndi kuchuluka kwa ma polygon, amalemba pamenepo. Ine ndimayamba ndatsegula chinthucho mu fayilo ina yopanda kanthu, ndikaona kuti ndi chopepuka ndiye ndimachikopera ku nyumba. Komanso dziwani kuti mukadilita sofa pa sikirini sikuti yachoka mu fayilo, imatsala mkati. Pitani pa Window, Model Info, Statistics, dinani Purge Unused, kenako Fix Problems, museve, muona fayilo itatsika. Pogwira ntchito zimitsani Shadows ndi Profiles, mitengo ndi mipando ikhale pa Tag yozimitsa, muziyatse pokhapokha pamene mukuonetsa kasitomala. Pali ka extension (kapulogalamu kowonjezera mu SketchUp) kaulere kotchedwa CleanUp³ ka ThomThom kamene kamachotsa timizere totsalira, kamathandiza kwambiri pa zinthu zochokera kwa anthu ena.

Ngati laputopu yanu ili ndi graphics card ya NVIDIA kapena AMD koma ikuchedwabe, onetsetsani kuti SketchUp ikugwiritsadi ntchito imeneyo osati ya Intel yamkati, mumasankha mu NVIDIA Control Panel kapena mu Graphics settings ya Windows. Driver yake ikhale yatsopano, yotengedwa ku webusayiti ya opanga card. Ikamangodzitseka yokha nkutulutsa kabokosi ka BugSplat, yambani ndi driver yomweyo, kenako zimitsani ma extension onse nkumayatsa imodziimodzi mpaka mupeze yoyambitsa. Ndipo poyika pulogalamuyi koyamba musangodina kawiri, right click pa installer nkusankha Run as administrator, zovuta zambiri zachilendo zimayambira pamenepo.

Nkhani ya magetsi tonse tikuyidziwa. Autosave imabwera itaikidwa pa mphindi 5, isiyeni choncho, ndipo Create backup ikhale yoyatsa. Imeneyi imasiya fayilo ya .skb pafupi ndi .skp yanu, ndiye fayilo ikakana kutseguka magetsi atathima pakati poseva, sinthani .skb ija kukhala .skp mupeza ntchito mmene inalili pa seve ya m'mbuyo. Musamagwire ntchito fayilo ili pa flash kapena mu foda imene ikulumikizana ndi Google Drive nthawi yomweyo, ikani pa kompyuta penipeni mukamaliza ndiye mukopere.

Lina limene limaopsa anthu ndi pamene ukuyandikira nyumba nkuona ikudulika pa sikirini ngati wina waicheka ndi mpeni, mbali ina osaoneka. Palibe chafufutika. Zimachitika nyumba ikakhala kutali kwambiri ndi pamene mizere itatu ija, yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, imakumana, kapena pakakhala kamzere kotayika kutali. Izi ndimazipeza kwambiri pa mafayilo a DWG ochokera kwa masaveya chifukwa iwo amajambula ndi ma coordinate enieni a malo, manambala ake akuluakulu. Dinani Shift ndi Z, nyumba ikaoneka ngati kadontho ndiye kuti kuli kanthu kutali, yatsani Hidden Geometry mukapeze nkukachotsa, nyumbayo muyibweretse pafupi ndi pakati. Polowetsa DWG tsegulani Options, chotsani chizindikiro pa Preserve drawing origin ndipo sankhani mayunitsi olondola, apo ayi poloti ya mamita 30 idzalowa ngati ya mamilimita 30.

Pa mayunitsi pomwepo, template yambirani ndi ya mamilimita, osati ya mainchesi. Khoma lakunja la njerwa ine ndimayika 230, lamkati 115, ngati ndi mabuloko ndimafunsa kaye kukula kwa amene mwini nyumba agule. Mu Model Info pa Units zimitsani length snapping, imatha kusokoneza miyeso nkubweretsa kachizindikiro ka ~ patsogolo pa muyeso, kutanthauza kuti nambalayo si yeniyeni. Muyeso muzingotayipa mukangojambula osadina mu kabokosi ka miyeso kamene kali pansi pa sikirini.

Chipinda chikakana kutseka nkhope mutajambula mizere yonse inayi, ndiye kuti pali mpata pa kona kapena mzere wina wakwera pang'ono. Jambulani mzere wodutsa pakati kuchokera pa kona kufika kona inayo, mbali imene yatseka ili bwino, imene yakana ndi komwe kuli vuto. Kuti zisamachitike gwiritsani ntchito mivi ya pa kiyibodi, wakumanja umakhoma pa mzere wofiira, wakumanzere pa wobiriwira, wam'mwamba pa wabuluu. Nkhope zikamaoneka zabuluu motuwa ndiye kuti zatembenuka, mukuona kumbuyo kwake, right click, Reverse Faces musanayambe kupaka penti chifukwa pa render, potulutsa chithunzi chooneka ngati chenicheni, zimatha kutuluka zakuda. Ndipo pansi pakamaphethira mukamazungulira, pali nkhope ziwiri pamalo amodzi, mwina matailosi ndi silabu, kwezani imodzi pang'ono.

Denga lija la mbali zinayi limene aliyense akulifuna masiku ano, chida cha Follow Me chimalichita bwino pa nyumba yamakona anayi, koma nyumba ikakhala ndi makona ambiri ndi khonde lotuluka pamafunika kudekha, kudula ndi Intersect Faces nkufufuta zotsala pamanja. Apa mapulogalamu ngati ArchiCAD ndi Revit ali patsogolo chifukwa ali ndi zida zopangira denga ndi makoma okhaokha, khoma limadziwa kuti ndi khoma. Ndi chimodzi mwa zifukwa zimene sindinaperekere nyenyezi yachisanu.

LayOut ndi kumene ndimapangira mapepala opita ku khonsolo ndi kwa folomani. Sikelo ikamakana, pafupifupi nthawi zonse ndi chifukwa Scene, maonekedwe a nyumba amene munasunga mu SketchUp, inasevedwa kamera ili pa Perspective. Bwererani mu SketchUp, Camera, Parallel Projection, sankhani Top kapena Front, pangani Update pa Scene, museve, kenako mu LayOut ndiye 1:100 kapena 1:50 igwira. Pogwira ntchito siyani pa Raster kuti izithamanga, musinthire ku Vector kapena Hybrid pamapeto mizere ituluke yakuthwa. Mukapita kokapulinta PDF, auzeni kuti asankhe Actual size osati Fit to page, ndipo ikatuluka ikani rula pa khoma limodzi mutsimikize musanalipire, khoma la mamita 4 pa 1:100 likhale mamilimita 40.

Za mtengo, kuyambira kumapeto kwa 2020 laisensi yogula kamodzi anasiya kugulitsa, pano ndi kumangolipira nthawi ndi nthawi m'madola, ndipo ndi mmene forex ikuvutira kuno munthu umafunika kukonzekera nthawi ikadalipo. Ilipo yaulere ya pa browser, yophunzirira ndi yabwino, koma imafuna intaneti yokhazikika, ilibe LayOut, ma extension salowa, komanso siyololedwa pa ntchito yamalonda. Zothyola zija, zopanda laisensi, ndikukupemphani musaziyike pa laputopu imene muli ntchito za makasitomala, zimabwera ndi mavairasi. Ngati ndalama palibe ndipo mukungofuna kuona kakhalidwe ka zipinda za nyumba yanu musanapite kwa katswiri, Sweet Home 3D ndi yaulere pa kompyuta ndipo imayenda ngakhale laputopu ili yakale. Koma amene mukudya za mapulani, SketchUp Pro ndi mausi ya mabatani atatu gulani, pa touchpad yokha mudzavutika kuzungulira nyumba.