Kungosintha dzina la foda basi, bandulo yonse phu: rsync, rclone kapena Syncthing?

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, mafayilo ndimasunga pa kompyuta ya ku situdiyo ku Limbe ndi ina kunyumba ku Chilomoni. Mwezi watha foda ya "ukwati" ndinangoitcha "ukwati Namiwawa", mavidiyo a 38GB m'katimo sindinawakhudze olo imodzi, koma rsync, pulogalamu yomwe ndinkatumizira mafayilo pa intaneti kuti azifanana pa makompyuta awiriwa, inayambanso kutumiza zonse ngati zachilendo, pomwe ndimati ndizindikire bandulo inali itapita kale.

Kulakwa kunali kwanga. rsync ndi ya 1996, anaipanga Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras, ndipo imayang'ana dzina ndi malo a fayilo, ndiye ukasintha dzina la foda iyo imangoona kuti kwabwera foda yatsopano, yakaleyo ngati unaika lamulo la --delete imaifufuta, apo ayi uli ndi mafoda awiri ofanana akudya hadi. Ena amati ika --fuzzy, koma imeneyo imafufuza fayilo yofanana mu foda yomweyo basi, pa foda yosunthidwa sipindula. Pano ndikafuna kugwiritsabe rsync, ndimayamba ndasintha dzina mbali zonse ziwiri ndi dzanja kenako ndikuiyatsa, ya chikale koma imagwira.

rclone ili ndi --track-renames, imafananitsa ma hash (manambala ozindikiritsa za mkati mwa fayilo, ngati chidindo cha chala) nkungosuntha fayilo pa seva pomwepo osaitumizanso. Kungoti mbali zonse ziwiri zizigwirizana pa mtundu wa hash, zikapanda kutero muisinthe strategy (njira yofananitsira) iziyang'ana modtime, nthawi yomwe fayilo inasinthidwa komaliza. Ngati mumaponya zinthu pa Google Drive imeneyi ndiye yanu.

Koma ine ndakhazikika pa Syncthing. Imadula fayilo m'tizidutswa, kalikonse ndi hash yake ya mtundu wa SHA-256, ndiye ikaona kuti tizidutswato tilipo kale pa kompyuta inayo imangotenga tomweto, pa intaneti pamangodutsa mndandanda. Ndinayesa dala, foda yomweyo ndinailowetsa mkati mwa "2024", mphindi zochepa zatheka, data osamva nkomwe. Vuto lake makompyuta onse awiri akhale oyaka nthawi imodzi, ndiye magetsi akathima ku Chilomoni mumangodikira, komanso kalaputopu kakale kamalira fani pomwe ikuwerenga ma hash koyamba. Chinanso samalani, mukafufuta kuno imafufutanso uko, yatsani file versioning (yosunga makope akale a mafayilo) musanalire ndi mavidiyo a ukwati wa eni ake.

Pulogalamu ina, Unison, nayonso imakopera kuchokera pa fayilo yomwe ilipo kale m'malo motumiza, koma mwana wa ku situdiyo atangoona ma setting ake anati bwana iyi muzipanga nokha.