Tikkun amene ndinagula ku Glenhazel: buku lokonzekera kuimba Malemba a Chiheberi

Chiheberi ndinachiphunzira kumudzi, kusukulu ya ubusa, ndipo kwa zaka zambiri ndinkachiwerenga ndikudumpha theka la zimene zili patsamba. Timadontho ta mavawelo ndinkatidziwa. Koma pali tizizindikiro tina, tina pamwamba pa mawu, tina pansi, tokhota, topendekera, tina ngati kamphanda, timene maso anga ankangotilumpha. Ayuda amatitcha te'amim. Liwuli limachokera ku ta'am, kutanthauza kukoma kwa chakudya komanso tanthauzo la mawu.

Kuno ku Johannesburg, tsiku lina ndinamva mnyamata wa zaka 13 akukonzekera mwambo wake wa bar mitzvah, umene mnyamata wachiyuda amayamba nawo kutengedwa ngati wamkulu pa zachipembedzo. Ankaimba Genesis, osati kuwerenga chabe, ndipo ndime imene ndinkaidziwa bwino inandimvekera yachilendo. Mlungu womwewo ndinakwera takisi kupita ku Glenhazel, kumene kumakhala Ayuda ambiri, n'kulowa m'sitolo ya mabuku. Bambo wachikulire wogulitsamo atamva chimene ndinkafuna, anandipatsa buku lalikulu lachikuto cholimba, nati dzina lake ndi tikkun. Papita miyezi isanu ndi umodzi ndili nalo, ndiye ndingathe kunenapo.

Kapangidwe kake ndi kosavuta, ndipo ubwino wake wonse wagona pamenepo. Mukatsegula, mbali imodzi pali mawu a Torah, mabuku asanu a Mose, okhala ndi mavawelo ndi te'amim zonse. Mbali inayo pali mawu omwewo monga mmene amalembedwera mumpukutu wa m'sunagoge: makonsonanti okhaokha, opanda kadontho ka vawelo ngakhale kamodzi, opanda nambala ya ndime. Wowerenga pagulu, amene amatchedwa ba'al kore, ayenera kuloweza katchulidwe ndi kaimbidwe konse kunyumba, chifukwa Lolemba, Lachinayi ndi pa Sabata akaima pamaso pa anthu, mpukutu sumuthandiza kanthu. Ndiye munthu amaphunzira mzere mbali yodzaza, n'kuuphimba ndi dzanja, n'kuyesa mbali yopanda kanthuyo. Ife a Chichewa izi siziyenera kutidabwitsa kwambiri. Tikalemba "mtengo" sitiika chizindikiro chosonyeza ngati ndi wa mango kapena wa shuga pamsika, koma pakamwa timakweza kapena kutsitsa mawu pamalo oyenera.

Zizindikirozi anazikhazikitsa Amasorete, akatswiri achiyuda okopera Malemba a ku Tiberias, m'mbali mwa nyanja ya Galileya. Wotchuka mwa iwo ndi Aaron ben Asher wa m'zaka za m'ma 900, amene ntchito yake ili m'buku lakale lolembedwa pamanja la Aleppo Codex. Pafupifupi chizindikiro chilichonse chimagwira ntchito zitatu nthawi imodzi: chimasonyeza silabulo yofunika kuitsindika, chimauza woimba kanyimbo koyenera, ndipo chimagawa ndime. Zina ndi zolekanitsa, zimene akale ankazitcha mafumu. Zina ndi zolumikiza, ankazitcha atumiki, chifukwa ntchito yake ndi kuperekeza mawu mpaka kwa mfumu yake.

Ntchito yachitatuyi ndi imene yandigwira mtima. Pafupifupi ndime iliyonse ili ndi etnachta, kamphanda kozondoka ka pansi pa liwu, kamene kamaidula ndimeyo pawiri. Pa Genesis 1:1 kali pansi pa dzina la Mulungu: "Pachiyambi Mulungu adalenga", mupume kaye, kenako mutchule kumwamba ndi dziko lapansi. Kope langa lili ndi zigawo za Aneneri kumapeto, zimene zimawerengedwa ikatha Torah, ndipo mmenemo ndinapeza Yesaya 40:3. Tonse tinakula tikumva za mawu a wofuula m'chipululu, monga mmene Marko anailembera potsata Baibulo lakale la Chigiriki. Koma Amasorete anaika timadontho tiwiri ta zakef pamwamba pa liwu loti "wofuula", ndipo kupuma kwakukulu kwa theka loyamba la ndimeyo kuli pamenepo. Kwa iwo ndimeyi ikuti: mawu a wofuula akuti, m'chipululu konzani njira ya Yehova. Chipululu ndi pamene msewu ulambulidwe. Theka lachiwiri la ndimeyo likugwirizana nazo, chifukwa nalonso likulamula kuwongola msewu m'dziko louma. Ndalalikira pa ndime imeneyi kambirimbiri, koma usiku umene ndinaona timadontho tiwirito ndinakhala patebulo mpaka tiyi anazizira.

Palinso shalshelet, kutanthauza unyolo. Kamalembedwa mokhotakhota pamwamba pa liwu, ndipo woimba amakwera ndi kutsika, kukweranso, osafulumira kulisiya liwulo. M'mabuku asanu a Mose kamapezeka kanayi kokha: pa Genesis 19:16 pamene Loti akuzengereza kutuluka mu Sodomu, pa 24:12 pamene wantchito wa Abrahamu akupemphera pachitsime, pa 39:8 pamene Yosefe akukana mkazi wa Potifara, ndi pa Levitiko 8:23 pamene Mose akupha nkhosa yodzozera Aroni. Aphunzitsi ena achiyuda amati ponsepa pali munthu amene mtima wake ukulimbana. Ine ndikawamva akuimba "anakana" wa Yosefe, liwu limodzi lokokedwa chonchi, ndimavomereza. Kukana kuja sikunali kopepuka.

Tsopano zimene bukuli silingakuchitireni. Siliimba. Limakuonetsani chizindikiro, koma silikuuzani kuti chimamveka bwanji, ndipo kamvekedweko si kamodzi. Ayuda a ku Yemen, a ku Morocco ndi a ku Lithuania amaona chizindikiro chimodzimodzi n'kuimba mosiyana kotheratu. Ayuda ambiri a muno mu South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania, choncho kaimbidwe kamene ndimamva kuno ndi ka Ashkenazi, kutanthauza Ayuda ochokera pakati ndi kum'mawa kwa Ulaya. Ngakhale m'gulu limodzi, Torah ili ndi nyimbo yake, Aneneri ali ndi yawo, Estere ili ndi yake, ndipo Maliro ili ndi yachisoni. Ine ndinachita kupempha bambo wina wopuma pantchito kuti azindijambulira mawu pafoni, ndime zitatu kapena zinayi pa mlungu. Popanda iwo, bukuli likanangondiphunzitsa popumira.

Zinanso zondivuta ndi izi. Mawu ofotokozera a kumayambiriro onse ali m'Chiheberi, moti wongoyamba kumene sangapindule nawo. Tizizindikiro tina tasindikizidwa tating'ono kwambiri. Zizindikiro ziwiri zotchedwa pashta ndi kadma zimaoneka chimodzimodzi, zimangosiyana malo pamene zakhala, ndipo madzulo magetsi akazima ndimalephera kuzisiyanitsa ndi kuwala kwa foni. Bukuli ndi lolemera, siloyenda nalo m'chikwama. Masalimo, Miyambo ndi Yobu mulibemo, ndipo mabuku atatuwa ali ndi dongosolo lawolawo la zizindikiro, ndiye amene cholinga chake ndi kuimba Masalimo afunefune buku lina. Mtengo wake sunali wochepa kwa ine, koma mapepala ndi olimba ndipo likatsegulidwa limakhala phee patebulo, osadzitseka.

Amene ndingamuuze kuti agule ndi munthu woti amawerenga kale Chiheberi chokhala ndi mavawelo, makamaka abusa ndi ophunzira zaumulungu amene anali ngati ine. Musanalipire, funsani ngati kopelo lili ndi zigawo za Aneneri, ndipo muyang'ane kukula kwa zilembo ndi maso anu. Amene sanaphunzire zilembo ayambe wadikira. Ine pano ndili pa Genesis 22. Bambo aja anditumizira ndime 7 ndi 8 dzulo, pamene Isake akufunsa atate wake za mwanawankhosa, ndipo anditsindikira kuti ndisathamangire kudutsa etnachta ya pa "mwana wanga".