Minitab poyang'anira zodetsa mu caustic soda: ndemanga ya wogwira ntchito mu labotale

Ndimagwira ntchito mu labotale ya fakitale yopanga caustic soda, kumene timayeza mchere wa chloride ndi chitsulo zotsalira mu soda isanapite kwa ogula, ndipo ndemangayi ikukhudza mbali imodzi yokha ya Minitab, pulogalamu ya pakompyuta yosanthula ziwerengero, mbali ya matchati oyang'anira mmene ntchito ikuyendera. Pulogalamuyi inayambira ku Pennsylvania State University mu 1972, koma nzeru ya matchatiwa ndi ya Walter Shewhart, amene anaifotokoza koyamba mu 1924 ali ku Western Electric. Pakati pa tchati pamakhala mzere wa avereji, ndipo pamwamba ndi pansi pamakhala malire otalikira masigma atatu (sigma ndi muyezo wa mmene zotsatira zimamwazikira kuchoka pa avereji), amene amawerengedwa kuchokera ku zotsatira za fakitale yomweyo, osati ku zofuna za wogula.

Popeza timatenga sampulo imodzi pa nthawi, tchati chimene timadalira ndi cha I-MR, choonetsa chotsatira chilichonse pachokha komanso kusiyana kwa zotsatira zotsatizana, ndipo kuchijambula sikuvuta: munthu amaika zotsatira mu mzere umodzi, n'kusankha tchaticho, malire n'kutuluka okha. Chimene chinandikopa kwenikweni ndi mayeso asanu ndi atatu ofufuzira zachilendo, makamaka achiwiri, amene amaika chizindikiro chofiira timadontho tisanu ndi tinayi tikatsatizana mbali imodzi ya mzere wapakati. Sabata ina mlingo wa chloride unayamba kukwera mwakachetechete, zotsatira zonse zidakali m'kati mwa malire a wogula, moti woyang'anira shifiti anaona ngati palibe chodetsa nkhawa. Kadontho kachisanu ndi chinayi katafiira, tinapempha mainjiniya kuti ayeze soda ya selo iliyonse (chipangizo momwe magetsi amasandutsa madzi amchere kukhala soda) payokhapayokha, ndipo anapeza membrane imodzi, chotchinga chopyapyala cholekanitsa madzi amchere ndi soda, itabooka timabowo tosaoneka ndi maso, tomwe tinkalowetsa madzi amchere kumbali ya soda. Pepala lathu lakale lolembapo manambala likanangosonyeza kuti katunduyo wapambana mayeso, tsiku ndi tsiku, mpaka thanki yathunthu itakanidwa. Membrane itasinthidwa, gawo lotchedwa Stages linatithandiza kuwerenga malire atsopano popanda kufufuta mbiri yakale pa tchati chomwecho.

Pa chitsulo, chimene chimakwera pang'onopang'ono mapaipi akamadyeka, tchati cha EWMA, chimene S. W. Roberts anachifotokoza mu 1959, chinachita bwino kuposa I-MR, chifukwa chimakumbukira zotsatira za m'mbuyo. Tchati china chotchedwa CUSUM, chophatikiza kupatuka kwa zotsatira motsatizana, chiliponso, ngakhale anzanga a pa shifiti amavutika kuchiwerenga.

Komabe pulogalamu iliyonse ya mtunduwu imawerenga manambala amene yapatsidwa, sidziwa kemisitiri, ndipo apa tinapunthwa ndife. Makina athu akalephera kuona chitsulo chifukwa chochepetsetsa, tinkalemba nambala imodzimodzi nthawi zonse, zimene zinachepetsa kusiyana kwa zotsatira zotsatizana n'kupanikiza malire, moti tchati chinkachenjeza popanda vuto lenileni. Masampulo otengedwa ola lililonse m'thanki imodzi anabweretsa vuto lofanana, chifukwa soda ya ola lino ndi pafupifupi yomwe ija ya ola lapitalo. Zotsatira za zodetsa zimakondanso kupendekera kumtunda, popeza sizingatsike kupitirira ziro koma zingalumphe kwambiri, ndipo pamenepa njira ya Box-Cox, yosintha manambala kuti asapendekere mbali imodzi, imene ili m'pulogalamuyi inatiwongolera malire, ngakhale pamafunika munthu womvetsa chimene akusintha. Ndi bwinonso kukumbukira kuti ngakhale zonse zikuyenda bwino, malire a masigma atatu amachenjeza molakwika pafupifupi kamodzi pa timadontho 370, ndipo kuyatsa mayeso onse asanu ndi atatu kumachulukitsa machenjezo oterewa mpaka ogwira ntchito amasiya kuwalabadira. Ife tinangotsala ndi awiri oyambirira okha.

Minitab ndi yolipira laisensi, choncho labotale yaing'ono imene ili ndi munthu wodziwa R, chinenero cholembera makodi osanthula ziwerengero, ingathe kujambula matchati omwewa kwaulere ndi phukusi la qcc. Kwa fakitale yonga yathu, kumene tchati chimawerengedwa usiku ndi munthu amene sanaphunzire kulemba makodi, ndikuona kuti ndalama ya laisensiyo sinapite pachabe, ndipo chaka chino tayambanso kulondola chlorate, mchere winanso wodetsa soda, mwa njira yomweyi.