Kavidiyo sho ka kuseri kwa msika pa Mchinji, usiku umene Chipolopolo inakathidzimulidwa ku Moscow

Ndakhala ndikuonera mpira pa malo amenewa kwa zaka zitatu, koma tsiku limene linandichititsa kuti ndiyambe kuwatchula kwa anzanga ndi Lachiwiri, pa 25 Malichi 2025, pamene Chipolopolo, timu ya Zambia, inakasewera masewero apaubale ndi Russia ku Moscow. Malo ena onse pa boma pano ankaonetsa mpira wina. Mnyamata wa pano yekha ndi amene analemba ndi choko pa kabolodi kake kuti "Chipolopolo lero, K500".

Malowo alibe chikwangwani. Mukadutsa pa ziwaya za tchipisi mukhotere kumanzere, muona chitseko cha malata chopakidwa penti wobiriwira. Mkatimo muli mabenchi asanu ndi awiri, mipando ya pulasitiki inayi ya anthu olipira K1,000, ndi TV imodzi yaikulu bwino yokhomedwa pamwamba, moti ngakhale munthu wamtali akhale kutsogolo kwanu mumaonabe. Mabenchiwo ndi matabwa osapala. Valani buluku loti simulidandaula, langa linasiya kansalu pa msomali.

Kuno kwathu Zambia si dziko lachilendo. Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe, ena tili ndi azakhali ku Katete, ndipo theka la anthu a m'chipindamo usiku umenewo anali a kabaza ndi osintha ndalama a ku Mwami. Ndiye munadzaza msanga. Mwini wake, mnyamata wa zaka za m'ma 20 amene aliyense amangomutcha "aise", sanadalire dishi tsiku limenelo. Analumikiza laputopu ku TV, foni yake n'kuipachika pa zenera m'kathumba ka shuga kuti igwire netiweki. Mpirawo anaupeza pa intaneti, owulutsa akulankhula Chirasha. Palibe anamvapo kanthu kupatula mayina a osewera athu, ndipo tinkaseka momwe ankawapotozera lilime.

Chithunzi chinali choyera kwa mphindi pafupifupi makumi awiri, kenako chinaima. Kanthu kozungulira kaja kanazungulira, kuzungulira, anthu akukuwa kuti "bweza ndalama", iye ali pa zenera kutembenuza foni uku ndi uku. Pobwerera, manambala a pakona anali atasintha kale. Zimenezi zinachitika katatu, ndipo chigoli chimodzi ndinangochionera pa kubwereza. Apa ndiye pofooka pa malowa: mpira wa pa dishi umayenda bwino, koma wa pa intaneti ndi mwayi. Magetsi akazima ali ndi jenereta yaing'ono imene imalira ngati chigayo kuseri kwa khoma, koma imadzuka msanga, sindinadikirepo kupitirira mphindi zisanu.

Pa nthawi yopuma ndi pamene ndinaona kuti K500 yanga sinapite pachabe. Mnyamata wina anafunsa kuti kodi Russia ili mu gulu liti la World Cup. Mwini malo anatsitsa voliyumu, n'kuima kutsogolo ngati mphunzitsi wa Sitandade 8. Anafotokoza kuti Russia ilibe gulu, chifukwa mabungwe oyendetsa mpira a FIFA ndi UEFA anaiimitsa pa 28 Febuluwale 2022, patangopita masiku anayi asilikali ake atalowa mu Ukraine. Poland, imene inayenera kusewera nayo mu Malichi chaka chomwecho polimbirana malo a ku World Cup ya ku Qatar, inali itakana kale kulowa m'bwalo. Kuyambira pamenepo timu ya Russia, ya mphunzitsi Valery Karpin, inkangokhalira masewero apaubale ndi aliyense wovomera: Kyrgyzstan, Iran, Cameroon, Kenya imene inalepherana nayo 2-2 ku Turkey, Cuba imene inamwa 8-0, Brunei imene inasenza 11-0. Zonsezi anazitchula pamtima, osayang'ana pa foni, poti foniyo inali pa ntchito pa zenera.

Nanga Zambia inakatani kumeneko? Apa anayankha ndi mkulu wina wovala jezi yobiriwira yakale ya 2012, chaka chimene Chipolopolo inatenga chikho cha Africa ku Libreville. Anati timuyo inalibe woti isewere naye mwezi umenewo, chifukwa mu gulu lake Eritrea inatuluka yokha ndipo Congo inali itaimitsidwa ndi FIFA. "Mumafuna anyamata azikhala pakhomo kumakazinga chimanga?" anatero.

Mkangano unayambira pomwepo. Mayi wina amene amagulitsa zitumbuwa pakhomo, ndipo amaloledwa kuonera ulere, ananena ali chiimire kuti iye sangaombere m'manja ulendo umenewo. Anakumbutsa za mwana wa sukulu wa ku Zambia uja, amene anapita ku Moscow kukaphunzira, n'kumangidwa, n'kutengedwa m'ndende kupita ku nkhondo, n'kukafera ku Ukraine mu 2022. "Mwana wa eni ake anabwera m'bokosi, inu mukupita kukamenya chikopa komweko?" M'chipindamo munati zii kwa kanthawi. Kenako bambo wina wa kumbuyo, mlimi wa fodya, anati, "Mayi, mwalankhula zoona, koma feteleza uja wa matani 20,000 anabwera kuno mu 2023 anachokera kuti? Tinamukana?" Wina anaponyapo kuti Malawi ndi Zambia onse anavota ku United Nations kudzudzula nkhondoyo, ndiye boma lina, mpira wina. Mayi aja anangoti, "Feteleza sadzutsa maliro," n'kubwerera ku beseni lawo.

Ine ndinali mbali ya mayiwo, ndipo mpaka lero ndikadali komweko, ngakhale ndivomere kuti ndinakhalabe pa benchi mpaka wezulo yomaliza. Chimene ndikuyamikira n'chakuti mwini malo sanalole kuti zifike pa zibakera. Mnyamata wina woledzera atayamba kutukwana, anamubwezera K500 yake m'manja n'kumuperekeza panja mwaulemu, akumutcha "achimwene". Mowa salola kulowa nawo. Ndi chifukwa chake ndimatha kupita ndi mphwanga wa Fomu 2 osada nkhawa, kusiyana ndi ku mabala kumene mpira umathera m'mabotolo ouluka.

Masewerowo anathera 5-0. Pofika chigoli chachisanu ngakhale mkulu wa jezi uja ankangoseka. Wina wa Manchester United anakuwa kuti Avram Grant, mphunzitsi wa Zambia pa nthawiyo, ndi Moscow sayanjana, poti ndi mumzinda womwewo mmene Chelsea yake inaluzira fainolo ya Champions League mu 2008, John Terry ataterereka pa penate. A Chelsea anadzuka onse nthawi imodzi, ndipo nkhani ya nkhondo inathera pomwepo.

Zina zoti mudziwe musanapite. Sipika ndi imodzi ndipo imang'ung'uza, khalani chapakati. Mazenera ndi awiri okha, ndiye mwezi wa Okutobala mumatuluka thukuta ngati mwasewera ndinu. Chimbudzi chili kutali, kuseri kwa ziwaya, ndipo usiku kulibe nyale. Tchipisi cha pa chiwaya choyandikana ndi chitseko n'chabwino, koma kanyenya wake ndi mafuta okhaokha, gulani kwa bambo wachiwiri.

Ndinabwereranso pa 6 Juni pamene Nigeria inapita ku bwalo la Luzhniki ku Moscow kukalepherana ndi Russia 1-1. Tsiku limenelo tinalipo anthu khumi ndi mmodzi basi, netiweki sinavute ngakhale kamodzi, ndipo aise anali atakhomerera msomali uja. Mayi a zitumbuwa anakhala panja masewero onse, beseni lili pamiyendo, atafulatira chitseko.